Ndani Amadzuka Mwana Akalira? Mbiri ya Tulo ta Makolo

Mlandu wodziwika kwambiri umene Mfumu Solomo inaweruza unayamba ndi tulo. Buku la 1 Mafumu, mutu 3, limasimba za amayi awiri amene ankakhala m'nyumba imodzi. Woyamba atabereka, mnzakeyo naye anachira tsiku lachitatu. Usiku wina mmodzi wa iwo anagonera mwana wake mpaka kufa, kenako anatenga mtembowo n'kukausinthanitsa ndi mwana wamoyo wa mnzake amene anali m'tulo tofa nato. Alaliki amakonda kuthamangira pa lupanga ndi nzeru za mfumu. Koma pali mfundo ina imene wodandaula uja anaitchula yekha pabwalo: m'nyumbamo munalibe munthu wina kupatula awiriwo. Munalibe agogo, munalibe mlamu, munalibe ngakhale kamtsikana koti n'kulandirako mwana.

Khanda la m'nthawi ya Solomo ndi khanda lobadwa dzulo ku Blantyre, ku Chipata kapena ku Tete amadzuka mofanana. Zimene zakhala zikusintha m'mbiri ndi kuchuluka kwa anthu odzuka nalo, komanso ntchito imene mayi wake amayembekezeka kugwira kukacha.

Chifukwa chimene khanda limadzukira pafupipafupi chinamveka bwino m'zaka za m'ma 1900. Mu 1953, Eugene Aserinsky ndi mphunzitsi wake Nathaniel Kleitman, a pa yunivesite ya Chicago, anapeza kuti tulo sitikhala ta mtundu umodzi. Pali nthawi imene maso amayendayenda mwachangu kuseri kwa zikope, ubongo uli jijirijijiri ngati wa munthu amene ali maso. Mu 1966 ofufuza ena anasonyeza kuti pafupifupi theka la tulo ta khanda ndi ta mtundu umenewu, pamene kwa munthu wamkulu timangokhala gawo limodzi mwa magawo anayi kapena asanu. Khanda limagona maola 14 mpaka 17 pa tsiku, koma modukizadukiza, chifukwa kamimba kake n'kakang'ono ndipo mkaka wa m'mawere suchedwa kugayika. Thupi lake limayamba kusiyanitsa usiku ndi usana likafika miyezi iwiri kapena itatu.

Nanga anthu akale ankatha bwanji? Choyamba, ambiri a iwo sankayembekezera kugona kamodzi n'kamodzi mpaka kucha. Wolemba mbiri wa ku America, A. Roger Ekirch, anafufuza m'makalata, m'zolemba za makhoti ndi m'mabuku a madokotala akale a ku Ulaya. M'buku lake la mu 2005, At Day's Close, anasonyeza kuti anthu ambiri kumeneko ankagona kawiri usiku umodzi. Akatha tulo toyamba ankadzuka pakati pa usiku kwa ola limodzi kapena kupitirirapo, kusonkhezera moto, kupemphera kapena kucheza, kenako n'kugona tulo tachiwiri mpaka m'bandakucha. Ekirch anatchulanso a Tiv a ku Nigeria, amene chinenero chawo chinali ndi mayina a tulo tiwiri timeneti. M'nyumba yotere, mayi wodzuka kuti ayamwitse sankakhala yekha m'maso.

Si kulikonse kumene anthu ankagona motero. Kafukufuku wa mu 2015 pakati pa a Hadza a ku Tanzania, a San a ku Namibia ndi a Tsimane a ku Bolivia, anthu okhala kopanda magetsi, anapeza kuti ambiri amagona ulendo umodzi, maola pafupifupi 6 kapena 7. Koma kafukufuku wina wa mu 2017 anaonetsa chinthu chofunika kwambiri pa nkhani yathu. David Samson ndi anzake anaveka akuluakulu 33 a mtundu wa Hadza timakina ta pamkono toyeza tulo. Pa masiku 20, nthawi imene onse anali m'tulo pamodzi inangokwana mphindi 18 zokha. Okalamba ankagona msanga n'kulawirira kudzuka, achinyamata ankachedwa kugona. Usiku wonse pamudzipo pankakhala wina amene ali maso. Ku Botswana, Melvin Konner ndi Carol Worthman analemba mu 1980 kuti makhanda a anthu a !Kung amayamwa pafupifupi kanayi pa ola masana, ndipo usiku amagona pambali pa amayi awo, bere lili pafupi.

Kwathu kuno nzeru yomweyo inali m'mwambo wa chikuta. Mayi akachira ankabindikira m'nyumba ndi khanda lake mpaka mchombo utagwa, ndipo masiku amenewo sankapita kudambo, kumtondo kapena kumunda. Ankamuphikira ndi kumutenthetsera madzi ndi amayi ake, azakhali ndi amayi ena achikulire. Ukwati wa chikamwini unkachititsa kuti mkazi akhale pakati pa abale ake enieni, ndipo mwana akatuluka m'chikuta ankapeza misana yambiri yomubereka. Tisakometse mopitirira: chikuta chinali cha masiku ochepa, khasu linkadikira panja, ndipo ana ambiri ankamwalira asanayambe kuyenda. Abambo nawo mwambo unkawaika patali. Poopa mdulo, mwamuna ndi mkazi sankakhalira malo amodzi kufikira mwambo wotenga mwana utachitika patapita miyezi, choncho kulira kwa usiku kunatengedwa ngati nkhani ya akazi okhaokha. Komabe akaziwo anali ambiri.

Ku Ulaya zinthu zinayenda njira ina. Kwa zaka mazana ambiri atsogoleri a tchalitchi ankaletsa makolo kugona ndi makhanda pabedi limodzi, poopa imfa zonga ya m'nkhani ya Solomo, komanso pokayikira kuti ena ankapha ana dala n'kunamizira tulo. Ku Florence kunapangidwa kachimango ka matabwa kotchedwa arcuccio, kamene ankavindikira pa khanda kuti woyamwitsa asaligonere. Kenako kunabwera mafakitale, nyali za gasi za m'misewu, ndipo pambuyo pake magetsi. Anthu anayamba kuchedwa kugona, koma belu la kuntchito silinkadikira munthu. Mu 1817 Robert Owen, mwini fakitale ya nsalu ku New Lanark ku Scotland, ankalimbikitsa zogawa tsiku patatu: maola 8 a ntchito, 8 a zofuna za munthu mwini, 8 opuma. Anali maganizo okomera antchito, koma tulo tinasanduka chinthu chokhala ndi malire a wotchi. Khanda silidziwa wotchi.

Chaka cha 1894 chinabweretsa zolemba ziwiri zimene zinatsegula njira ziwiri zosiyana. Ku New York, dokotala wa ana L. Emmett Holt anatulutsa buku lakuti The Care and Feeding of Children, limene linalangiza amayi kuyamwitsa pa nthawi zoikika, kugoneka khanda pakabedi kakekake, ndi kupewa kuligwedeza kuti ligone. Chaka chomwecho, wasayansi wa ku Russia Marie de Manacéine anaulutsa zimene anapeza atakaniza tiana ta agalu kugona. Tonse tinafa pasanathe sabata, pamene agalu omanidwa chakudya ankatha kupirira masiku oposa 20. Iye anaona kuti kusowa tulo kumapha msanga kuposa njala.

Njira ya Holt ndi imene inayamba kufika m'makomo. Ku New Zealand, Truby King anayambitsa bungwe la Plunket Society mu 1907, n'kumaphunzitsa kuti mwana aziyamwa maola anayi aliwonse masana, koma usiku asapatsidwe bere. Chiphunzitsochi chinafalikira ku Britain, Australia, Canada ndi South Africa. Mu 1928 John B. Watson wa ku America anafika pochenjeza amayi kuti asamakumbatire kapena kupsompsona ana awo. Mu 1985 Richard Ferber anatchuka ndi njira yosiya mwana alire kwa mphindi zowerengeka kholo lisanapite kukamutonthoza. Malangizowa ankasiyana kuuma kwake, koma onse ankayankha funso limodzi: mayi amene ali yekha m'nyumba agona bwanji? Yankho lawo linali lakuti asinthe mwanayo. Ndipo mwana akapitiriza kudzuka, mayi ankadziona ngati wolephera.

Njira ya de Manacéine inapitirira m'mayunivesite. Mu 1896 George Patrick ndi J. Allen Gilbert a ku Iowa anasunga amuna atatu ali maso kwa maola pafupifupi 90. Onse anayamba kuiwalaiwala ndi kuchedwa kuchitapo kanthu, ndipo mmodzi anayamba kuona zinthu zimene panalibe. Mu 1997 Drew Dawson ndi Kathryn Reid a ku Australia anayerekeza kusowa tulo ndi kuledzera: munthu amene wakhala maso maola 17 amalakwitsa zinthu ngati amene ali ndi mowa wokwana 0.05 peresenti m'magazi, ndipo akafika maola 24 zimafanana ndi 0.10 peresenti. Mu 2003 Hans Van Dongen ndi anzake ku yunivesite ya Pennsylvania anapeza chimene chimakhudza makolo kwambiri. Anthu ogona maola 6 okha usiku uliwonse kwa masiku 14 anafooka nzeru mofanana ndi amene achezera usiku wonse kamodzi kapena kawiri motsatizana, koma eni akewo ankaona ngati azolowera. Mayi amene akuti "ndili bwino" akhoza kukhala akunena zoona za mumtima mwake pamene manja ake akuiwala poto pamoto.

Makolo enieniwo anachedwa kuwerengedwa. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2019, wotsatira makolo oposa 4,600 ku Germany, anapeza kuti m'miyezi itatu yoyamba amayi ankataya pafupifupi ola limodzi la tulo usiku uliwonse, abambo mphindi zosapitirira 15, ndipo tulo ta onse awiri tinali tisanabwerere mwakale ngakhale mwana woyamba atafika zaka 6. Bungwe la WHO limati m'mayiko osauka pafupifupi mayi mmodzi mwa asanu aliwonse ongobereka kumene amadwala matenda a maganizo, makamaka kukhumudwa kwakukulu, ndipo madokotala amadziwa kuti matendawa ndi kusowa tulo zimakolezerana. Kutopa kulinso ndi ngozi kwa khanda lenilenilo. Kugona nalo pa sofa, kapena pabedi kholo litamwa mowa kapena lili losuta fodya, kumawonjezera chiopsezo cha imfa ya mwadzidzidzi. Mayi wothawa bedi n'kukayamwitsira pampando kuti asagone ndi amene tulo timamuba pamalo oopsa kwambiri.

M'chigawo chathu chino, chimene chinachepetsa anthu odzuka usiku ndi ulendo wofuna ndalama. Msonkho wa atsamunda ndi mabungwe olemba anthu ntchito monga Wenela zinatengera amuna ku migodi ya ku Joni, ku Wankie ndi ku Copperbelt. Kenako akazi nawo anatsatira m'matauni, n'kukaberekera m'nyumba za lendi ku Mbare, ku Matero kapena ku Ndirande, agogo atatsala kumudzi. Lero mtundawo watalika: pali mayi ku Cape Town kapena ku Leeds amene amasamalira okalamba usiku wonse, n'kubwera m'mawa kudzalandira khanda kwa bambo ake amene akuthamangira basi.

Malamulo ayesa kutseka mpata umenewu. Msonkhano woyamba wa bungwe la ILO ku Washington mu 1919 unagwirizana kuti mayi asagwire ntchito kwa masabata 6 atabereka, ndipo pangano la mu 2000 linaika tchuthi cha masabata osachepera 14. Zambia inafika pa masabata 14 mu 2019, Zimbabwe imapereka masiku 98, ndipo South Africa inaika miyezi inayi. Lamulo la ntchito la Malawi la mu 2000 linapereka masabata 8 kamodzi pa zaka zitatu, kutanthauza kuti mayi amabwerera ku ofesi nthawi imene thupi la mwana wake likungoyamba kumene kudziwa usiku. Abambo akumbukiridwa posachedwa: masiku asanu ku Zambia mu 2019, masiku 10 ku South Africa mu 2020, masabata awiri ku Malawi mu 2021. Koma mayi wogulitsa mandasi, wolima fodya kapena wogwira ntchito ya m'nyumba popanda kalata, lamuloli amangolimva pa wailesi.

Mutu umodzi susenza denga, ndipo usiku wa khanda ndi denga lolemera. Agogo akakhala kutali, wina ayenera kulowa m'malo mwawo, ndipo amene ali pafupi kwambiri ndi bambo wa mwanayo, amene mwambo unamupatsa chifukwa chogonera. Iye sangayamwitse, koma angathe kusintha thewera, kugeyetsa mwana ndi kuyenda naye paphewa mpaka tambala woyamba, mayi atagona. Achibale ndi a kumpingo amene amabwera ndi sopo ndi nsalu kudzaona mwana angathenso kufunsa amene amadzuka naye, ndi kutsalako usiku umodzi. Solomo anaweruza bwino mlandu umene unamupeza, koma m'nyumba muja mukanakhala munthu wachitatu wolandira mwana pakati pa usiku, mwina mlanduwo sukanafika n'komwe kubwalo.