Makina Amene Amamva Zitsulo Pansi pa Nthaka

Inu amene mumagwira nchito pa makina ophwanya miyala mudziwa kuti pa lamba wonyamula miyala pamakhala cipangizo cimene cimaimitsa lamba cikangomva citsulo cosokera, monga nyundo kapena dzino la fosholo. Cipangizo cimeneci ciri ndi mng'ono wace amene munthu amanyamula m'manja. Ndiye ndodo yokhala ndi nkhata ya waya kunsi kwace, ndi zomvera za kumakutu. Lero tikamba mbiri ya makina amenewa, ndi m'mene anathandizira kuweruza mlandu wa nkhondo imene inamenyedwa zaka zoposa 100 iwo asanafike pamalopo. Anthu ofuna kugula amakonda kufunsa kuti, kodi makina abwino koposa ndi ati? Mbiri iri nalo yankho, ndipo tilipeza tisanatsirize.

Tiyambe ndi magwiridwe ace. Magetsi akamayenda m'nkhata ya waya ija amatulutsa mphamvu yonga ya maginito, imene imalowa m'nthaka. Mphamvuyo ikakumana ndi citsulo, kaya ndi mkuwa, mtovu, siliva kapena golidi, imadzutsa timagetsi tating'ono m'citsulomo, ndipo timagetsito timabweza mphamvu yace kumwamba. Makina amailandira naisandutsa kulira kumene munthu amamva m'makutu. Ndiye kuti makinawo saona kanthu. Amangolira, ndipo kumasulira kulirako ndi nchito ya munthu.

Cimeneci cinaoneka poyera kuyambira pa ciyambi pomwe. Pa 2 July, 1881, munthu wina anaombera Pulezidenti wa America, James Garfield, mu mzinda wa Washington, ndipo cipolopolo cinatsalira m'thupi. Alexander Graham Bell, yemwe uja wa telefoni, anapanga msanga makina a nkhata za waya kuti apeze pamene cinagona. Koma pamene anawayendetsa pa thupi la wodwalayo anamva kulira kosokonezeka, pakuti bedi la Pulezidenti linali ndi mawaya a citsulo pansi pace. Kuonjezera apo, dotolo wamkulu, D. W. Bliss, anaumirira kuti cipolopolo ciri ku dzanja lamanja, ndipo anamlola Bell kufuna mbali yokhayo. Garfield anamwalira pa 19 September, ndipo atang'amba mtembo anacipeza cipolopolo ku dzanja lamanzere. Makina anali okhoza, koma anthu anawayendetsa pamalo polakwika.

M'zaka za 1930 Gerhard Fisher wa ku California anayamba kupanga makina otere ndi kuwagulitsa, koma cimene cinawakulitsa ndi nkhondo yaciwiri ya dziko lonse. Mu 1941 msilikali wa ku Poland, Józef Kosacki, ali ku Scotland, anakonza makina opezera mabomba okwiriridwa pansi, nawapereka kwaulere kwa asilikali a Britain. Makina 500 anatumizidwa ku cipululu ca Egypt, ndipo pa nkhondo ya El Alamein mu 1942 anatsegula njira pakati pa mabomba a Ajeremani. Anali olemera makilogalamu pafupi-fupi 14. Acikulire amene akumbukira wailesi ya Saucepan, imene inafika m'dziko muno mu 1949 ndi batire lace lolemera lija, adziwa m'mene mawailesi anapepukira atabwera matransisita. Ndi makina athuwa zinateronso m'zaka za 1960, kotero kuti munthu wamba anakhoza kugula ace ndi kuyenda nao m'munda tsiku lonse osatopa.

Makina amene amagulitsidwa tsopano ali a mitundu iwiri yaikulu. Mtundu woyamba, umene eni ace amaucha VLF, umatumiza mphamvu yace kosalekeza, ndipo luso lace ndi kusiyanitsa zitsulo: msomali wadzimbiri umalira mwina, ndalama ya mkuwa imalira mwinanso. Koma umabvutika m'nthaka yofiira yodzala ndi citsulo, ngati ya kwathu kuno, ndiponso mu mcenga wonyowa wa mcere, cifukwa nthaka yomweyo imayamba kulira. Mtundu waciwiri, wa PI, umatumiza mphamvu modukiza-dukiza, numvetsera pakati pace. Umenewu susamala kwambiri za nthaka yoipa ndipo umafika pansi ndithu, koma sudziwa bwino kusiyanitsa, kotero mwini wace amakumba misomali yambiri. Kukula kwa nkhata kuli nako kanthu. Yaikulu imamva cinthu cacikulu ciri pakuya, koma imalumpha tinthu tating'ono. Yaing'ono imatola ngakhale batani pakati pa zinyalala, koma siifika patali. Ndipo ngakhale makina a mtengo wapatali, ndalama imodzi saimva bwino ikapitirira phazi limodzi pansi. Palibe makina amene aposa anzace ponse-ponse. Nthaka ndi cinthu cofunidwaco ndizo zimasankha.

Tsono tipite ku Montana, kumpoto kwa America, ku mtsinje wa Little Bighorn, kumene makinawa anagwira nchito imene inasintha mbiri. Mlandu wa kumeneko unayamba ndi mgodi. Pangano la mu 1868 linati mapiri a Black Hills ndi a eni dziko, anthu a mtundu wa Lakota. Koma mu 1874 gulu la asilikali lotsogozedwa ndi George Custer linapeza golidi m'mapirimo, ndipo okumba anakhamukirako zikwi-zikwi. Boma linafuna kugula mapiriwo, eni ace anakana, nkhondo inabuka. Pa 25 June, 1876, Custer anathira nkhondo msasa waukulu wa a Lakota ndi a Cheyenne, amene atsogoleri ao ochuka anali Sitting Bull ndi Crazy Horse. Anagawa asilikali ace a pa akavalo m'magulu, ndipo gulu limene iye mwini anatenga, la anthu pafupi-fupi 210, linatha psiti, osatsalako ndi mmodzi yemwe woti anene cimene cinacitika.

Popeza mboni ya mbali ya asilikali panalibe, olemba mabuku ndi ojambula zithunzi analemba zimene mitima yao inakonda. Anati asilikali anaima pamodzi pa phiri molimba mtima kufikira munthu wotsiriza. Ena anati mfuti zao ndizo zinawapereka, pakuti makoko a zipolopolo zao anali a mkuwa wofewa, umene umatupa ukatentha ndi kukanirira m'mfuti. Eni dziko amene anamenya nkhondoyo anasimba zina: anati siinakhalitse, ndi kuti asilikali ambiri anabalalika ndi mantha. Koma mau ao anayesedwa cabe kwa zaka zambiri.

Mu August 1983 moto wolusa unatentha udzu wonse wa pamalopo, nthaka inakhala poyera. Katswiri wa zofukula zakale, Richard Fox, anayendera malowo naona kuti zotsala za nkhondo zikalipo. Mu 1984 ndi 1985 Douglas Scott, wa nthambi ya boma yosunga malo a mbiri, anatsogolera nchito yofufuza, ndipo anaitana anthu wamba amene anazolowera kuyenda ndi makina omva zitsulo. Iwo anabwera yense ndi makina ace, a mitundu yosiyana-siyana. Mvetsani bwino dongosolo limene anatsata, pakuti nkhani yonse yagona pamenepa. Anandanda mzera, motalikirana pang'ono, monga alimi a dima, nayenda pang'ono-pang'ono. Makina akalira, munthu sanali kukumba ai, anali kungozika kambendera napitirira. Pambuyo pace panadza gulu laciwiri, limene linafukula mosamala ndi kusiya cinthuco pomwe cagona. Gulu lacitatu, la opima malo, linalemba pa mapu malo eni-eni a cinthu ciri conse, kuya kwace, ndi kumene cinaloza, nacipatsa nambala. Atatha zonsezo ndi pamene anacitola. Anapeza zinthu zikwi zingapo: zipolopolo, makoko ace, mabatani, mipeni ya mibvi, ndi zitsulo za pa zomangira akavalo.

Tsono mfuti iri yonse imasiya cizindikilo cace-cace pa khoko la cipolopolo, pamene kamsomali kace kamamenya, monga cala ca munthu cimasiya cidindo cimene wina alibe. Makoko aja anawayang'ana pa galasi lokuza zinthu, monga acita apolisi pa mlandu wakupha, ndipo anazindikira mfuti zoposa 300, iri yonse payokha. Popeza khoko liri lonse linali ndi malo ace pa mapu, anakhoza kutsata mfuti imodzi kucokera pa citunda ici kufikira pa cigwa ico, ndiye kuti kutsata mapazi a munthu amene anainyamula tsiku lomwelo.

Zimene anapeza ndi izi. Eni dziko anali ndi mfuti za mitundu yoposa 40, ndipo zambiri zinali za Henry ndi Winchester, zimene zimaomba kambiri-mbiri osaikamo cipolopolo cina, pamene mfuti ya Springfield ya asilikali inafuna kuikamo cimodzi-cimodzi. Za mkuwa wokanirira uja, makoko okhala ndi zipsera za mpeni wotokosera anapezeka ndithu, koma sanafike ndi 5 pomwe mwa 100. Mkuwa sunali wopalamula. Pa citunda cochedwa Calhoun Hill makoko a asilikali anagona mu mzera wolongosoka, kusonyeza kuti pamenepo anaima monga anaphunzitsidwa. Koma kupitirira apo mzera unasowa, makoko anacepa, ndipo zotsala zinaunjikana malo amodzi-amodzi, monga zimakhalira anthu akathawa ndi kupanikizana. Mu 1993 Fox anasindikiza buku lonena kuti gulu la Custer linasweka mwadzidzidzi. Nthaka inabvomereza mau a eni dziko aja. Mu 1991 boma linacotsa dzina la Custer pamalopo niliika dzina la mtsinje, ndipo mu 2003 linatsegula cikumbutso ca eni dziko amene anafera pamenepo.

Taganizani tsono, makoko omwewo akadatoledwa ndi munthu mmodzi wa makina amphamvu, nawathira m'thumba. Akadakhala mkuwa wa pa sikelo basi, ndipo mlandu uja sukadaweruzidwa konse. Zotere zinacitika ku Germany. Mu 1999 anthu awiri oyenda ndi makina popanda cilolezo anapeza, pa phiri lina pafupi ndi tauni ya Nebra, cimbale ca mkuwa ca masentimita 32, cokhala ndi zithunzi zagolidi za mwezi ndi nyenyezi, cimene akatswiri ambiri amati ciri ndi zaka pafupi-fupi 3,600. Pocizula mwaphuma anaciswa m'mphepete ndi kukanda golidi wace, ndipo anacigulitsa mobisa. Apolisi anacilanda mu 2002 mu mzinda wa Basel, ku Switzerland, ndipo anthu aja anazengedwa mlandu. Cimbaleco anacisunga mu mzinda wa Halle. Koma cifukwa palibe amene anapima pamene cinagona asanacizule, akatswiri anatsutsanabe za zaka zace kufikira mu 2020. Makina a anthu awiriwa anamva bwino lomwe; cimene cinaonongeka cinaonongeka ndi manja.

Nkhaniyi ikutikhudza ifenso, pakuti dziko lathu ndi la mkuwa kuyambira makedzana, ndipo makina amenewa salinso osowa. Mu 1960 anthu okumba maziko a thanki ya madzi pa Ingombe Ilede, pafupi ndi pamene Lusitu amathira mu Zambezi, anagunda manda akale. Analibe makina ali onse, koma nkhani inafika kwa osunga zakale, ndipo J. H. Chaplin, pambuyo pace Brian Fagan, anafukula mwadongosolo. Anapeza mikanda yagolidi, mitanda ya mkuwa, mitolo ya waya ndi zida zokokera wayayo, mikanda yagalasi yocokera kutsidya la nyanja, ngakhale tizidutswa ta nsaru timene makoza a mkuwa anatisunga kuti tisaole. Popeza zinaoneka pamodzi, ciri conse pamalo pace, tidziwa kuti zaka mazana angapo zapitazo panali amalonda olemera pa Zambezi, amene mkuwa wao unakumana ndi katundu wa ku gombe. Zinthuzo zinapita ku nyumba yosungira zakale ya ku Livingstone. Mu 1989 boma linaika lamulo lokhazikitsa National Heritage Conservation Commission, limene linati wopeza cinthu cakale adziwitse a bungwelo, asacisunthe kapena kucigulitsa popanda cilolezo.

Tsono amene afunsa za makina abwino koposa, yankho ndi ili. Pa nthaka yofiira PI apambana, pa malo a misomali yambiri VLF apambana, koma kusiyana kwa makina nkocepa tikakulinganiza ndi kusiyana kwa anthu owanyamula. Akulu anati galu wamkota sakandira pacabe, ndipo khutu limene lamva kulirako zaka zambiri limaposa makina atsopano a m'manja mwa mlendo. Koposa zonse, cinthu cakale cimalankhula cikali pamalo pace. Mukagunda mtanda wa mkuwa polima kapena pokumba maziko, usiyeni pomwepo, zikani cikhomo, uzani amfumu ndi osunga zakale. Kuona maso a nkhono nkudekha.