Attribute ndi Method: Kuwerenga ndi Kuitana Polemba Mapulogalamu a Kompyuta

M'kalembedwe ka mapulogalamu kotchedwa object-oriented programming, pulogalamu imamangidwa ndi tizigawo totchedwa ma object, ndipo object iliyonse imaimira chinthu chimodzi, monga wophunzira, galimoto kapena mita ya madzi. Zodziwika za chinthucho, monga dzina ndi nambala, zimasungidwa m'ma attribute, pamene ntchito zimene chingagwire zimalembedwa m'ma method. Attribute imangowerengedwa kapena kusinthidwa, koma method imayenera kuitanidwa kuti igwire ntchito, ndipo apa ndi pamene ambiri ongoyamba kumene amasokonezeka.

Mbiri

Kalembedweka kanayambira ku Oslo m'dziko la Norway, kumene Ole-Johan Dahl ndi Kristen Nygaard anakonza chiyankhulo cha Simula 67, chimene chinabweretsa class, kutanthauza chikombole choumbira ma object ofanana. M'zaka za m'ma 1970, Alan Kay, Dan Ingalls ndi Adele Goldberg a ku Xerox PARC anakonza Smalltalk, mmene object imalandira uthenga n'kuuyankha poyendetsa method yake. Pambuyo pake kunabwera C++ ya Bjarne Stroustrup, imene inalandira dzinali mu 1983, Python ya Guido van Rossum mu 1991, kenako Java ndi Ruby mu 1995. Mu 1988 Bertrand Meyer, mwini chiyankhulo cha Eiffel, anafalitsa mfundo yakuti wogwiritsa ntchito object asamavutike kudziwa ngati yankho linasungidwa kale kapena lawerengeredwa pomwepo, ndipo mu 2001 Python 2.2 inabweretsa property, imene ndi method yooneka ngati attribute.

Kagwiritsidwe ntchito

Mu Python zonse ziwiri zimalembedwa ndi kadontho, koma method imatsatiridwa ndi mabulaketi. Mwachitsanzo, banja la ku Mbedza mumzinda wa Zomba, limene limamwa madzi ochokera ku damu la Mulunguzi pamwamba pa phiri, mita yake ingaimiridwe ndi object yotchedwa mita. Wolemba akalemba mita.nambala amangolandira nambala yosungidwa, koma akalemba mita.werengera_bilu() kompyuta imachotsera chiwerengero cha mwezi watha pa cha mwezi uno n'kuchulukitsa ndi mtengo wa madzi. Akaiwala mabulaketi, bilu siwerengeredwa ndipo amangolandira method yeniyeniyo isanayende. Akaika mabulaketi pa nambala, Python imaima ndi cholakwa cha TypeError. Java nayo ili ndi msampha wake, chifukwa kutalika kwa mndandanda wa array kumapezeka ndi length yopanda mabulaketi, pamene kutalika kwa mawu a String kumafuna length() ya mabulaketi.

Ku Malawi ndi kaperekedwe ka maina

Ku Zomba luso limeneli limaphunzitsidwa pa University of Malawi, imene inali Chancellor College kufikira mu 2021 ndipo yakhala ku Chirunga kuyambira mu 1973. Bungwe la Baobab Health, limene linayamba ntchito ku Lilongwe mu 2001, linalemba ndi Ruby on Rails mapulogalamu osungira mbiri ya odwala m'zipatala za boma. Mu Ruby mabulaketi sakakamizidwa, ndipo attribute imafikiridwa kuchokera kunja kudzera mu method basi, choncho wozolowera Python akalowa ntchito yotereyi amaona kuti diso lokha silingamuuze chimene chikuchitika.

Pachifukwa chimenechi alembi aluso amadalira maina abwino: attribute imapatsidwa dzina la chinthu, method imapatsidwa mneni. Mwambowu umakhala bwino kwambiri m'Chichewa, chifukwa mneni wolamula amadziwika msanga ndipo ana asukulu amamuphunzira m'kalasi la galamala. Mawu ngati mwini, mudzi, ngongole ndi tsiku amaonekeratu kuti ndi zosungidwa, pamene lipira, tseka, lumikiza ndi sindikiza amamveka kuti ndi ntchito yofuna kuitanidwa. Ngakhale msintho wa mneni umathandiza, pakuti lipira() ndi lipiritsa() zimasonyeza bwino amene akupereka ndalama ndi amene akuzitolera, ndipo attribute yongoyankha inde kapena ayi ingatchedwe yalipiridwa. Kuyambira pa Python 3 ya mu 2008, lemba la ŵ limaloledwa m'maina, koma nkhodolero ya m'mawu ngati ng'ombe siloledwa, kotero wolemba pulogalamu ya ziweto amalemba ngombe kapena ng_ombe.

Kufunika kwake

Kumvetsa kusiyana kumeneku kungachepetse zolakwa zoyamba za wophunzira, ngakhale kuti pakokha sikukwanira kumupanga katswiri. Lamulo lothandiza mu Python ndi Java ndi lakuti chosungidwa chimawerengedwa popanda mabulaketi, ndipo ntchito imaitanidwa ndi mabulaketi.