Comera Cimodzi, Maina Atatu: Mbiri ya Malamulo a Camba m'Zigawo za America

Mau Oyamba

Mu nkhani ino tifuna kulondola mbiri ya malamulo a kalimidwe, kasungidwe ndi kasutidwe ka camba m'dziko la United States of America. Dzikolo lili ndi zigawo 50, ndipo cigawo ciliconse cili ndi nyumba yake ya malamulo, pambali pa boma lalikulu la ku Washington. Cimene catikopa ife ophunzira zinenero ndi ici: comera cimene m'Cinyanja timacicha camba cakhala ndi maina atatu m'malamulo a kumeneko, "hemp", "cannabis" ndi "marihuana". Tionetsa kuti kawirikawiri dzina ndilo linkasiyanitsa mlimi, wodwala ndi wopalamula mlandu.

Mbeu ndi Mankhwala

Poyamba camba cinali mbeu ya boma. M'caka ca 1619 msonkhano wa atsamunda a ku Virginia unalamula kuti cibzalidwe, popeza luzi lake linkafunika popota zingwe ndi kuluka matanga a zombo. Alimi ankacicha "hemp". Madokotala naonso anali ndi dzina lao la Cilatini, "cannabis", limene linalembedwa m'buku la mankhwala obvomerezeka a dzikolo kuyambira 1850 kufikira 1942. Maina awiriwa analibe citonzo.

Kubwera kwa Dzina Lacitatu

Nkhondo ya ku Mexico itabuka mu 1910, anthu ambiri anaoloka malire kukafuna nchito m'minda ya kum'mwera cakumadzulo kwa America. Dzina lakuti "marihuana" linafala pamodzi ndi iwo, ndipo manyuzipepala analigwirizanitsa ndi misala ndi ciwawa. Zigawo ndizo zinayamba kuletsa, boma lalikulu lisanaciletse: California mu 1913, Utah mu 1915, Texas mu 1919.

Tiyenera kusamala pano. Wolemba mbiri Isaac Campos, m'buku lake la mu 2012, anaonetsa kuti mantha akuti camba cimapengetsa anali atakhazikika kale ku Mexico komweko, ndipo dzikolo linaciletsa mu 1920. Motero sitinganene kuti tsankho lokha ndilo linabala malamulo onsewa. Komabe n'zoona kuti dzina lacilendo linathandiza kuti Mwamerika wamba asazindikire kuti coopsaco ndi comera comwe cija agogo ake ankalima.

Zimenezi zinaonekera poyera mu 1937, pamene nyumba ya malamulo ya ku Washington inkakambirana lamulo la Marihuana Tax Act, limene Harry Anslinger, mkulu wa nthambi yolimbana ndi mankhwala ozunguza bongo, ankalilimbikitsa. William Woodward, amene anaimira bungwe la madokotala la American Medical Association, anadandaula kuti dzina la m'lamulolo silinali la madokotala, ndi kuti ambiri amene nkhaniyo inkawakhudza sanadziwe kuti ikunena za "cannabis" wao. Lamulolo linabvomerezedwa ndithu. Patangopita zaka zisanu, nkhondo yaciwiri ya dziko lonse itadula njira za luzi locokera ku Philippines, boma lomwelo linatulutsa kanema wochedwa Hemp for Victory, wopempha alimi kuti alimenso. Pofuna zingwe, boma linabwerera ku dzina lakale.

Zigawo Zipatukana ndi Boma Lalikulu

Mu 1970 lamulo la Controlled Substances Act linaika camba m'gulu loyamba, la mankhwala amene boma linati alibe phindu kucipatala. Mu 1972 bungwe lofufuza lotsogozedwa ndi Raymond Shafer linalangiza kuti wopezeka ndi camba cocepa cosuta yekha asamaimbidwe mlandu, koma Pulezidenti Richard Nixon sanalabadire. Apa zigawo, zimene zinatsogola poletsa, zinatsogolanso pomasula. Oregon mu 1973 inati wopezeka ndi camba cosapitirira magalamu 28 azingolipira cindapusa. Ku Alaska mu 1975 bwalo lalikulu la cigawoco linagamula kuti munthu wamkulu ali ndi ufulu wosunga cocepa m'nyumba mwake. Mu 1996 anthu a ku California anavota kuti odwala aziloledwa kulima ndi kugwiritsa nchito camba dokotala akabvomereza.

Koma lamulo la cigawo silinafafanize la boma lalikulu. Pa mlandu wa Gonzales v. Raich mu 2005, umene unakhudza mai wina wodwala amene apolisi a boma lalikulu anamuonongera mitengo isanu ndi umodzi, Bwalo Lalikulu la dziko lonse linagamula kuti Washington ali ndi mphamvu yoletsa ngakhale camba colimidwa pakhomo. Mu 2012 Colorado ndi cigawo ca Washington zinaloleza akulu a zaka 21 kusuta mwa kufuna kwao. Ngakhale apo panali kusiyana: Colorado inalola munthu kulima mitengo isanu ndi umodzi, pamene Washington sinalole wosuta wamba kulima. Pofika kumapeto kwa 2023 zigawo 24 zinali zitaloleza, koma woolokera ku Idaho ndi kathumba kamene anagula mwalamulo ku Oregon akadamangidwa.

Cilango sicinagwe mofanana pa onse. Bungwe la American Civil Liberties Union linaonetsa mu 2013 kuti munthu wakuda ankamangidwa pafupifupi kanai kuposa mzungu pa mlandu wopezeka ndi camba, cikhalireco kasutidwe kao kanali kofanana.

Mu 2018 boma lalikulu linagawa comeraco pawiri ndi nambala. Linati ngati mankhwala oledzeretsa ochedwa THC sapitirira 0.3 peresenti, comeraco ndi "hemp", mbeu yololedwa. Akapitirira, ndi "marihuana". Malire a tanthauzo anacoka m'kamwa mwa anthu n'kupita m'cipinda copimira.

Mau Otsiriza

Mbiri imeneyi yafika ndi kwathu kuno. Malawi anakhazikitsa lamulo loyendetsa ulimi wa camba ca mankhwala ndi ca m'mafakitale mu 2020, ndipo mu 2021 nyumba ya malamulo ya Zambia inabvomereza malamulo awiri osiyana, Cannabis Act ndi Industrial Hemp Act. Malamulowa anafuna cilolezo ca boma, ndipo sanalole munthu kulima kapena kusuta mwa kufuna kwake. Onsewa analembedwa m'Cingelezi, pa maina amene taona ciyambi cake. Cinyanja cili ndi dzina limodzi. Mlimi wa ku Lundazi kapena ku Katete akamva pa wailesi kuti boma laloleza camba, amva ciani? Ngati womasulira sanena camba cotani, ca yani ndi ca cilolezo citi, mlimiyo angafese mbeu imene idzamfikitsa kundende.

Tikupempha tsono aphunzitsi, omasulira a m'mabwalo a milandu ndi oulutsa mau kuti tigwirizane pa mau omveka, monga camba ca luzi, camba ca mankhwala ndi camba cosuta, ndipo tiwayese kaye pakati pa alimi eni ake tisanawalembe m'mabuku. Amene amalipira mtengo wa mau osamveka si wolemba lamulo, koma woimirira pamaso pa woweruza.