Nkhwazi ili paliponse mu Lusaka, kupatula m'mitengo

Tulutsani ndalama ya pepala m'thumba, muona nkhwazi. Pa mbendera iliponso. M'tauni muli Nkwazi Road, timu ya mpira ya apolisi ndi Nkwazi, ndipo ku State House kuli Nkwazi House. Koma ndife angati okulira ku Kabwata kapena ku Chelstone amene tinamvapo kulira kwake?

Mbalameyi inayamba kuimira dziko lino ufulu usanabwere. Pa chizindikiro cha Northern Rhodesia inali itagwira nsomba m'zikhadabo. Pa 24 October 1964 panakwera mbendera yatsopano yojambulidwa ndi Mayi Gabriel Ellison. Nsomba ija inachoka, nkhwazi inatsala ikuuluka, kutanthauza mtundu wokwera pamwamba pa mavuto ake.

Nkhwazi yamoyo imafuna zinthu ziwiri: madzi okhala ndi nsomba ndi mtengo wautali. Imamanga chisa chachikulu cha timitengo n'kumabwererapo chaka ndi chaka. Imaikira dzira limodzi mpaka atatu mvula ikatha, n'kufungatira pafupifupi masabata 6. Musaisokoneze ndi osprey, mbalame inanso yogwira nsomba. Iyo ndi mlendo: imabwera ndi mvula, ndipo pofika April imakhala ikubwerera kumpoto, kumaiko monga a ku Ulaya, kukamanga chisa kumeneko.

Lusaka inakhala likulu mu 1935, pamalo opanda mtsinje waukulu. Madzi ake anali m'madambo ndi m'timitsinje monga Ngwerere ndi Chalimbana, ndipo ndi malo omwewo amene takhala tikudulamo maploti. Chitsanzo ndi Forest 27, nkhalango ya kum'mawa kwa Woodlands ndi Kabulonga, kumene Chalimbana imayambira. Boma linaichotsa pa nkhalango zotetezedwa mu 1983. Anthu okhala m'mbali mwa mtsinjewo atadandaula kuti madzi akuuma, inabwezeredwa mu 1996. Kuyambira 2017, zigawo zina zinachotsedwanso kuti pamangidwe nyumba.

Dambo likakwiriridwa, mbalame za m'madzi zimayamba ndizo kusamuka. Ife timazindikira mochedwa, chitsime chikauma mu October kapena madzi akalowa m'nyumba mu January.

Lero wofuna kuona nkhwazi pa chisa ayenera kulowera ku Kafue. Mapaki a Lochinvar ndi Blue Lagoon, m'zigwa za mtsinjewo, analowa m'pangano la Ramsar loteteza madambo mu 1991, ndipo atsekwe amasonkhana kumeneko ambirimbiri. Bungwe la BirdWatch Zambia, lomwe linayamba mu 1969 ngati Zambian Ornithological Society, limawerenga mbalamezi.

Ngati ya basi palibe, yambani pafupi. Pitani ku Goma Lakes pa UNZA m'mamawa, khalani phee, lembani mbalame zimene mwaona ndi tsiku lake. Chaka chamawa, mwezi womwewo, mukawerengenso.