Malikisi awiri a mtsikana uja, ndi kumene ecf inachokera

Aphunzitsi anzanga, ndi inunso ana anga akale amene simuiwala kudzaona ngati mdala wa Physics uja akadali moyo. Ndikadalipo ndithu, cholembera chofiira chili m'thumba la malaya monga kale.

Teremu yathayi tinakangana ndi mnzanga wina mu staff room pa nkhani ya malikisi awiri okha. Tinali kuchonga mock ya ana amene akukonzekera A-level, titagawana mapepala. Funso linali lakuti mwala wa 0.5 kg wagwa kuchokera pamtunda wa 20 m. Gawo (a) pezani liwiro lake pofika pansi, gawo (b) pezani momentum yake. Wochita bwino apeza 19.8 m/s, kenaka 9.9 kg m/s. Mtsikana wina analemba formula bwinobwino, koma polowetsa manambala anaiwala 2 uja wa mu v² = u² + 2as, ndiye anapeza 14.0 m/s. Pa (b) anatenga 14.0 wakeyo, kuchulukitsa ndi 0.5, n'kulemba 7.0 kg m/s, unit ndi zonse. Mnzangayo anamupatsa 0 pa (b). Ine poona pepalalo ndinati apa mwanayu atenge 2 yense.

"Achimwene," anatero, "7.0 si 9.9. Mlatho ukagwa, injiniya sakauza anamfedwa kuti method inali bwino."

Ndinaseka, koma mawuwo anandikhala. Ine ndinangomuyankha kuti "ecf, bambo", ngati kuti zilembo zitatuzo zinatsika kumwamba. Sizinatsike kumwamba ayi. Zili ndi mbiri yake, ndipo mbiriyo ndi ya aphunzitsi awiri kulephera kugwirizana pa pepala limodzi, monga ife tsiku limenelo.

Tiyambire ku Cambridge, poti mayeso athu ambiri agogo awo ali kumeneko. M'zaka za m'ma 1800 mayeso otchuka kwambiri a masamu ndi Physics anali Mathematical Tripos. Ophunzira amalemba masiku angapo, malikisi amawonkhetsedwa, ndipo maina amatuluka pa mndandanda kuyambira woyamba mpaka wotsiriza, amene amalandira supuni yamtengo. Taonani amene anakhala achiwiri pa mndandanda umenewu: William Thomson, amene timamudziwa kuti Lord Kelvin, mu 1845, James Clerk Maxwell mu 1854, J. J. Thomson, wotulukira electron, mu 1880. Onsewa anapitiriridwa ndi wina. Mu 1890 Philippa Fawcett anapeza malikisi oposa mwamuna amene anatchedwa woyamba, koma poti anali mkazi sanaikidwe pa mndandandawo. Anthu a nthawi imeneyo amakhulupirira kuti nambala ya examiner ndi choonadi, ngati kulemera kwa thumba pa sikelo. Mndandandawo anausiya pambuyo pa 1909.

Yunivesite yomweyo mu 1858 inakhazikitsa bungwe loyesa ana a sukulu, lomwe kwa zaka zambiri linkadziwika kuti UCLES, ndipo pofika 1864 linali litayamba kuyesa ana akunja, ku Trinidad. Njira imeneyi ndi imene inadzafika kwathu kuno. Blantyre Secondary School inatsegulidwa mu 1940, Zomba Catholic mu 1942, Dedza mu 1951, ndipo ana a m'masiku amenewo amalemba Cambridge School Certificate. Mapepala awo amapita ku England kukachongedwa ndi munthu amene sanaonepo Nyasaland. Mwana sakanafunsa kuti malikisi anga mwawapeza bwanji, mphunzitsinso ayi.

Mmodzi mwa oyamba kukayika mokweza anali katswiri wa statistics, F. Y. Edgeworth, mu 1888. Mfundo yake inu a Physics muikonda: iye anati malikisi ndi muyeso, ndipo muyeso uliwonse uli ndi error. Monga mmene ana khumi oyeza waya mmodzi ndi micrometer amabwera ndi manambala osiyana pang'ono, ma examiner khumi pa pepala limodzi abweranso ndi manambala osiyana. Funso ndi lakuti asiyana motani.

Yankho linabwera, ndipo linali lochititsa manyazi. Ku America, pa University of Wisconsin, Daniel Starch ndi Edward Elliott anatumiza mapepala a Chingerezi kwa aphunzitsi ambiri mu 1912, malikisi n'kubwera obalalika. Anthu anati ndi Chingerezi chimenecho, chimayendera kukonda kwa munthu, masamu sangatero. Ndiye mu 1913 anatumiza pepala limodzi la geometry kwa aphunzitsi a masamu oposa 100. Pepala lomwelo wina analipatsa 28 pa 100, wina kupitirira 90. Chifukwa chake ndi chathu chija: ena amangoyang'ana yankho lomaliza, ena amapereka malikisi pa njira, ena amadula chifukwa cha uve wa kalembedwe. Mnzanga wa mlatho ndi ine tonse tinalimo m'gulu limenelo, zaka zoposa 100 zapitazo.

Ku England nkhonya yaikulu inali buku la Philip Hartog ndi E. C. Rhodes la mu 1935, An Examination of Examinations. Anatenga mapepala 15 a History a School Certificate amene poyamba onse anali atapatsidwa malikisi ofanana, n'kuwapereka kwa ma examiner odziwa ntchito. Anasiyana kwambiri. Koma chimene chimandisowetsa tulo ine ndi gawo lachiwiri. Patapita chaka ndi miyezi, ma examiner 14 anapatsidwanso mapepala omwewo atafufuta zonse zimene analembamo. Pa zigamulo 210 zonena kuti uyu walephera, uyu wakhoza, uyu credit, zigamulo 92 zinasintha. Munthu yemweyo, pepala lomwelo. Inu amene munachongapo mapepala 200 usiku ndi nyali ya koloboyi, musanamizire kudabwa.

Sindikunena kuti marking scheme inabadwa tsiku limodzi chifukwa cha buku limeneli. Inakula pang'onopang'ono, mabungwe a mayeso akufunafuna njira yoti examiner wa ku London ndi wa ku Leeds apereke nambala imodzi. A-level itayamba mu 1951, kulowa m'malo mwa Higher School Certificate, nkhaniyi inakula chifukwa malo a ku yunivesite anayamba kudalira pa iyo. Magiredi A mpaka E anabwera mu 1963, ndipo kwa zaka zoposa 20 amagawidwa ngati ndiwo za pa ukwati: pafupifupi 10 pa 100 alionse A, 15 B, 10 C, 15 D, 20 E. Ganizirani bwino pamenepa. C anali kagawo kopyapyala pakati penipeni pomwe ana ambiri aunjikana, kotero malikisi ochepa chabe amatha kumuchotsa mwana pa B kumuponya pa D. Malikisi awiri ngati a mtsikana wathu uja akanatha kusankha amene akhale dokotala. Kagawidwe kameneka kanasiyidwa m'ma 1980.

Mankhwala amene anapezeka ndi kuduladula funso. M'malo mouza mwana kuti fotokoza zonse zimene ukudziwa za kayendedwe ka zinthu, n'kumupatsa 14 pa 20 mwa kumva kwa mtima, funso limagawidwa (a), (b), (c), ndipo malikisi aliwonse amamangiriridwa ku chinthu chimodzi chooneka papepala. Mukatsegula scheme ya Cambridge ya Physics, ya syllabus 9702, mupeza zilembo zinayi. B ndi malikisi oima paokha, mfundo ikaoneka mwana watenga. M ndi a method, ayenera kuoneka ndi maso, ndipo akasowa M ndiye kuti A wotsatira wapitanso. C ndi opepesera: ngakhale mwana sanalembe formula, ngati manambala ake akuonetsa kuti amaidziwa, amupatsa. A ndi a yankho lenileni. Pamwamba pa izi ndiye pali ecf, error carried forward, kutanthauza kuti cholakwa cha pa (a) chalipiridwa kale pa (a), mwana asalipirenso pa (b).

Apa ndi pamene ndimasiyana ndi mnzanga uja. Gawo (b) silikufunsa ngati mwana amadziwa kugwa kwa mwala. Likufunsa ngati amadziwa kuti momentum ndi mass kuchulukitsa ndi velocity. Mtsikanayo amadziwa. Kumupatsa 0 ndi kunena bodza za iye, kumuika pamodzi ndi amene anasiya mpata wopanda kanthu. Za mlathozo, mayeso si mlatho. Injiniya ali ndi anzake omuonera masamu ake, mwana ali yekha ndi wotchi.

Kwathu kuno zinthu izi tinazilandira kudzera kwa Angelezi omwewo. Mu 1969 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa bungwe loyendetsa Malawi Certificate of Education mogwirizana ndi Associated Examining Board ya ku Britain, ndipo mayeso oyamba analembedwa mu 1972. MANEB inabwera mu 1987. Ambiri a ife tinakula ndi Physical Science, Physics ndi Chemistry m'mphika umodzi, mpaka pamene silabasi yatsopano inazilekanitsa. A-level yakhala ya ochepa, ku Kamuzu Academy kuyambira pamene inatsegulidwa mu 1981 ndi m'sukulu zina zolipira, koma kachongedwe kake ndi ka MSCE n'zapachibale, ndipo grade 2 ndi grade 3 zimasiyananso ndi timalikisi tochepa.

Komatu ndisakunamizeni kuti scheme ilibe mlandu. Inathetsa vuto limodzi n'kubala lina, ndipo linalo limaluma ana athu kuposa a ku Leeds. Pa mafunso a masamu scheme ndi yachifundo. Pa mafunso ofotokoza imasaka mawu. Funsani kuti n'chifukwa chiyani munthu wa parachute amafika pa terminal velocity. Scheme ikufuna kumva kuti air resistance yakula mpaka kufanana ndi weight, choncho resultant force ndi zero. Mwana wa kwathu, amene Chingerezi ndi chilankhulo chake chachiwiri kapena chachitatu, alemba kuti palibenso force pa munthuyo. Mukamuitana pambali n'kumufunsa m'Chichewa, akuuzani bwinobwino kuti mphepo ikukankhira m'mwamba, kulemera kukukokera pansi, ziwirizo zalingana. Physics ali nayo. Koma papepala wasiya liwu limodzi, resultant, ndipo chimene walembacho n'cholakwikadi, B wapita. Pambali pake pali wina woloweza chiganizo cha m'kabuku ka past papers osamva kanthu, iye watenga zonse. Ndakhala ndikudula malikisi amenewa kwa zaka zambiri ndipo dzanja limalemerabe. Sindingapereke, chifukwa tsiku limene ndidzayambe kuchonga zimene ndikuganiza kuti mwana amafuna kunena, tabwerera ku 28 ndi 90 zija.

Masiku ano mabungwe aakulu a ku Britain amachongera pa kompyuta, ndipo pakati pa mayankho amabisamo ena amene akuluakulu anachonga kale. Examiner akaphonya kangapo, amamuimitsa. Ife mu staff room tilibe zimenezo, tili ndi tebulo limodzi ndi tiyi wozizira. Chimene tinachita ndi mnzanga uja n'chakuti tinasinthana mapepala khumi, aliyense kuchonga payekha pa kapepala kapadera. Tinagwirizana ndendende pa anayi okha. Pa limodzi ine ndi amene ndinalakwa: ndinadula mnyamata wina amene anapeza 19.8 kudzera mu mgh = ½mv², chifukwa maso anga anali kusaka formula inayo ndipo inali 4 koloko.

Mtsikanayo analandira 2 wake pa (b), ndipo pa (a) anataya zimene anayenera kutaya. Mnzangayo analemba yekha ecf m'mbali mwa pepala, mokanikiza mpaka cholembera chinatsala pang'ono kuboola. Tapangana kuti mock ikubwerayi tidzayamba tachongera limodzi mapepala asanu tisanagawane. Za mlatho akuti sitinamalize.