Mawu otsogolera nkhani

Awa ndi mawu amene wolankhula kapena wolemba amaika m'nkhani kuti aunikire womvera njira, osati kuwonjezera mfundo yatsopano. Akatswiri a zilankhulo amawatcha metadiscourse, dzina limene Zellig Harris anayamba kuligwiritsa ntchito mu 1959. William Vande Kopple anawagawa m'magulu mu 1985, ndipo Ken Hyland analemba buku lonse pa nkhaniyi mu 2005.

Ku Russia dzina linayenda njira yakeyake. Kalekale galamala ya kumeneko inkangowatcha vvodnye slova, kutanthauza mawu olowetsedwa m'chiganizo. Nkhani ya Anna Wierzbicka ya mu 1971 itamasuliridwa kuchokera m'Chipolishi mu 1978, dzina loti metatekst linafala. Mu 1993 Baranov, Plungian ndi Rakhilina anatulutsa buku lofotokoza diskursivnye slova, ndipo maina onsewa akugwirabe ntchito.

M'Chichewa mawuwa ndi ochuluka, ngakhale sanapatsidwe dzina limodzi lokhazikika. Pa msika wa Kalomwe, m'malire a Angónia ndi Dedza, wogulitsa mbatatesi akati "kunena zoona", amakhala akuikira kumbuyo mtengo wake. "Akuti" amachotsa udindo pa wolankhula: nkhaniyo ndi yakumva. "Mwina" amafewetsa mawu pamaso pa akulu. Ozama kuposa onse ndi "paja", chifukwa amakumbutsa womvera kuti zimenezi tonse tikuzidziwa kale, motero kukana kumavuta. M'nthano, woyamba akati "padangotero", omvera amavomera kuti "tili tonse", ndipo amabwereza mpaka nthano itatha.