Mbiri ya ubale wa chuma ndi chilengedwe m'boma la Lilongwe

Achewa akale sankaona nthaka ngati katundu wa munthu mmodzi. Nthano ya pa Kaphirintiwa, m'mapiri a Dzalanyama, imati Chauta, anthu ndi nyama ankakhala pamodzi mpaka munthu atapeka moto n'kutentha tchire. Nyama zinathawa, Chauta n'kukwera kumwamba. Phunziro lake linali lakuti luso lopanda malire limasokoneza dziko. Motero uzimba ndi kutentha tchire zinali ndi nyengo ndi mwambo wake, mfumu inkagawa minda m'dzina la mudzi, ndipo mvula ikavuta anthu ankadalira Makewana wa pa kachisi wa Msinja. Mitengo ya kumanda sinkadulidwa wamba. Mpaka lero ku Chiwamba, Nsaru ndi Kabudula, mitengo yachilengedwe yowirira imapezeka makamaka kumanda, kumenenso kuli dambwe.

Zinthu zinatembenuka fodya atafika. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920, A. F. Barron anayambitsa ulimi wa matenanti ku Mbabzi, ndipo mu 1926 boma la atsamunda linakhazikitsa Native Tobacco Board. Mtengo unasanduka nkhuni zofukizira fodya wa chikopa ndi mizati ya zigafa. Boma lomwelo linaika Dzalanyama m'gulu la nkhalango zotetezedwa mu 1922, kenako m'ma 1950 linakakamiza malamulo a malimidwe. Poti malamulowo anadza ndi chindapusa ndi ndende, alimi anadana nawo, ndipo kusamala nthaka kunaoneka ngati ntchito ya boma, osati ya mudzi.

Ufulu utabwera, maesiteti a fodya anachuluka, ndipo Lilongwe atakhala likulu mu 1975 msika wa nkhuni ndi makala unakula. Dzalanyama inayamba kutha, chonsecho ndiyo gwero la mtsinje wa Lilongwe umene umadzaza madamu a Kamuzu ku Malingunde, kochokera madzi a mumzinda. Lamulo la nkhalango la 1997 linabwezera midzi mphamvu zosamala nkhalango zawo, komabe pofika 2015 boma linachita kutumiza asilikali kukalondera Dzalanyama.

Vuto lotere ndilo linabala maphunziro a chuma cholemekeza chilengedwe. Mu 1971 Nicholas Georgescu-Roegen anafotokoza kuti chilichonse chimene anthu amapanga chimadya mphamvu ndi zipangizo za dziko zimene sizibwerera mwakale. Wophunzira wake, Herman Daly, anatsindika kuti chuma chili m'kati mwa chilengedwe, choncho sichingakule kosalekeza. Elinor Ostrom, amene analandira mphoto ya Nobel mu 2009, anaonetsa kuti anthu amasunga bwino zinthu zogawana akamadziikira okha malamulo n'kumawatsata.

Mfundozi zikutanthauza kuti mtengo wa thumba la makala sunawerengere madzi ndi chonde zimene zatayika powotcha. Zikufotokozanso chifukwa chake malamulo a midzi, ulimi wosunga mitengo ya nsangu m'munda ndi njira zina zophikira zikufunika pamodzi, popeza wowotcha makala sangasiye ntchitoyo alibe pena popezera chakudya.